Machip a FPGA ku Tete: njira iti ingamudyetse mmisiri wa zamagetsi?

Chigawo chathu cha Tete chili ndi damu la Cahora Bassa la mphamvu ya 2,075 MW, chimakumba malasha ku Moatize, chimakonza fodya wa alimi a ku Angónia, Macanga ndi Chifunde. Koma mabolodi oyendetsa makina a ntchito zimenezi amachokera kunja. Imodzi ikapsa, makina amaima mpaka ina ifike kuchokera ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja, ndipo ntchito ya mmisiri wakuno imangokhala kumasula yakufayo n'kumangirira yatsopano. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa achinyamata a mitu yogwira tili nawo. Ena akuphunzira ku Instituto Superior Politécnico de Songo ndi ku Instituto Superior Politécnico de Tete, ena adaphunzirira pa benchi yokonzera mawayilesi ndi mafoni pamsika.

Mmodzi mwa inu akamva za FPGA, chip yoti kalumikizidwe kake ka m'kati mumakasintha nokha, amayamba kufunsa ngati angayambe nayo bizinesi. Ine ndikuti mwayi ulipo, koma khomo lake ndi lopapatiza, ndipo amene alowere pena ataya ndalama ndi zaka. Ndiye tiyeni tiziike poyera njira zimene zilipo.

Chinthucho chimagwira bwanji

Chip ya m'foni kapena m'kompyuta imabwera njira zake zam'kati zitalumikizidwa kale ku fakitale. Inu mumangoipatsa malamulo, iyo n'kumawatsata limodzi pambuyo pa linzake, mwaliwiro lalikulu. FPGA imabwera ndi timagulu ting'onoting'ono ta logic tochuluka zedi, koma tosalumikizidwa. Mumalemba kalumikizidwe kamene mukufuna m'chinenero cha Verilog kapena VHDL, pulogalamu ya pa kompyuta imakasandutsa fayilo yotchedwa bitstream, ndipo fayiloyo ikalowa mu chip, timagulu tija timagwirana monga mwanenera. Mawa mukaganiza zina, mumalowetsa bitstream ina, chip yomweyo n'kukhala chipangizo china, popanda kuwotcherera waya ndi mmodzi yemwe.

Microcontroller, kakompyuta kakang'ono ka mu chip imodzi, ili ngati mlimi mmodzi wamphamvu amene amamaliza mzere uwu asanapite pa wina. FPGA ili ngati dima: aliyense ali ndi khasu pa mzere wake, munda wonse ukuyenda nthawi imodzi. Koma palibe amaitanira dima kadimba ka kuseri kwa nyumba, ndipo nkhani yonse ya bizinesi yagona pamenepa.

Ganizo lake ndi lakale. Gerald Estrin wa ku yunivesite ya UCLA ku America adalemba mu 1960 za kompyuta yokhala ndi gawo lokhazikika ndi gawo lotha kusinthidwa. Kampani ya Xilinx idatulutsa FPGA yoyamba yogulitsa mu 1985, XC2064, yomwe idali ndi timagulu 64 tokha. Pofika 2015, Intel idagula Altera ndi madola pafupifupi 16.7 biliyoni, ndipo mu 2022 AMD idatenga Xilinx pa madola pafupifupi 49 biliyoni. Microsoft idaika ma FPGA m'makompyuta ofufuzira a Bing, Amazon imachititsa lendi ma FPGA pa intaneti. Ndalama zilimo, palibe angatsutse. Funso ndi lakuti gawo liti la ndalamazo lingafike ku Ulónguè kapena ku Moatize.

Musanagule FPGA, onani kaye anzake

Tiyambe ndi microcontroller, chifukwa ntchito zambiri zimene anthu akuno angalipire zimathera pamenepa. Mlimi wa mbatatesi ku Tsangano ali ndi pampu ya sola. Akufuna kuti iziyaka yokha madzi akachepa m'thanki, izizima chitsime chikaphwa kuti mota isapse, ndipo azilandira uthenga pafoni zinthu zikasokonekera. Madzi m'thanki amasintha pang'onopang'ono, pomwe kachip kotchipa kamatsata malamulo mamiliyoni pa sekondi imodzi. Bolodi ya ESP32 kunja imagulidwa ndi madola osakwana 10 ndipo ili kale ndi Wi-Fi. Arduino, yomwe idayambira ku Ivrea ku Italy mu 2005, ili ndi zitsanzo zosawerengeka pa intaneti, zambiri m'Chipwitikizi chifukwa cha anzathu a ku Brazil. Sikelo yoyezera chimanga, chofungatira mazira, mita ya madzi, chotetezera mota ya chigayo: zonsezi ndi za microcontroller. Woikamo FPGA akungokweza mtengo n'kudzipatsa ntchito ya miyezi pa chinthu cha milungu iwiri.

Ngakhale pamene pakufunika liwiro pang'ono, yesani kaye Raspberry Pi Pico. Idatuluka mu 2021 pa mtengo wa madola 4, ndipo chip yake, RP2040, ili ndi timakina tapadera totchedwa PIO tomwe timayendetsa mapini paokha mosaphonya nthawi. Ntchito zambiri zimene kale zinkafuna FPGA yaing'ono lero Pico imazikwanitsa.

Raspberry Pi yaikulu, ija yoyenda ndi Linux, ndi yabwino pamene pali kamera, sikirini kapena kusunga malekodi ambiri. Vuto lake kuno ndi magetsi. Akathima mwadzidzidzi iyo ikulemba pa khadi ya SD, khadiyo itha kuwonongeka, makina osadzukanso. Ifunika batire yakeyake ndi njira yozimira mwaulemu. Komanso Linux siilonjeza kuti iyankha pa nthawi yeniyeni imene mwaiuza.

PLC, kompyuta yolimba yoyendetsera makina, ndiye chinthu chimene migodi ndi mafakitale amachidalira. Siemens, Schneider, Allen-Bradley, mayina amenewa ndi amene mukawapeze m'makabati a ku Moatize ndi kwina kulikonse kumene kuli makina akuluakulu. PLC ndi yodula, koma idapangidwira fumbi, kutentha ndi kugwedezeka, ndipo injiniya aliyense wa pamalopo amadziwa kuiwerenga. Ngati chimene mukufuna ndi ntchito yolembedwa kapena kontirakiti yachangu, phunzirani PLC musanaganize za Verilog. Sindikuchepetsa njira imeneyi ayi. Yadyetsa mabanja ambiri.

Kupanga chip yanuyanu ku fakitale, yotchedwa ASIC, tisatayirepo nthawi. Pa ukadaulo wamakono kukonzekera kokha kumadya mamiliyoni a madola, ndipo kumapindulitsa pokhapokha ngati mugulitsa zambirimbiri.

Ndiye FPGA yatsala pati? Pamene zizindikiro zambiri zikubwera nthawi imodzi ndipo kuchedwa kwa kachigawo kamodzi mwa miliyoni ka sekondi kuli ndi tanthauzo. Kumvetsera kunjenjemera kwa mabering'i ambiri a lamba wonyamula malasha nthawi imodzi, kuti mudziwe amene akufa asanafe. Kuyeza ukhondo wa magetsi a mafezi atatu mosalekeza. Wailesi yoyendetsedwa ndi pulogalamu. Kukonza zithunzi za kamera zisanafike ku kompyuta. Ndipo chinanso, chimene kwa ine ndi chachikulu koposa: kulowa m'malo mwa machip akale amene fakitale idasiya kupanga.

Koma walira mvula walira matope. Verilog simaphunziridwa ngati C, chinenero cholembera mapulogalamu, chifukwa simukulemba mndandanda wa malamulo, mukufotokoza zinthu zochitika pamodzi, ndipo mutu umatenga nthawi kuti uzolowere. Ma FPGA akuluakulu ambiri amabwera ndi timipira ta mtovu pansi pake, totchedwa BGA, toti simungatiwotcherere ndi chitsulo cha pamanja. Amafuna bolodi ya magawo anayi kapena kuposa ndi ma voteji angapo oyaka motsatana bwino. Mu 2021 ndi 2022, pamene machip adasowa dziko lonse, ena ankadikira ma FPGA kupitirira chaka.

Mukasankha FPGA: zida za makampani akuluakulu kapena zaulere

Apa pali mphambano ina. AMD ili ndi pulogalamu ya Vivado, Altera ili ndi Quartus, ndipo zonse ziwiri zili ndi mtundu waulere wogwira pa machip ang'onoang'ono monga Artix-7, Cyclone ndi MAX 10. Ndi zida zimene makampani akunja amafunsa akamalemba ntchito. Koma Vivado imadya magigabayiti makumi angapo, ndipo munthu wogula intaneti ya pafoni ku Ulónguè akudziwa tanthauzo la zimenezo. Imafunanso laputopu yamphamvu ndithu.

Kumbali ina, mu 2015 Claire Wolf ndi anzake adatulutsa Project IceStorm, atafufuza mmene bitstream ya machip a Lattice iCE40 imalembedwera. Pamodzi ndi ntchito imeneyo tili ndi Yosys ndi nextpnr, zida zaulere kotheratu, zopepuka, zoyenda pa laputopu yakale. Lero zimagwiranso pa Lattice ECP5 ndi pa machip ena a Gowin a ku China. Chip ya iCE40 UP5K ili ndi timagulu 5,280, tokwanira kuikamo purosesa yaing'ono ya RISC-V monga PicoRV32 n'kutsalabe malo a ntchito yanu. Imapezeka m'thupi la mapini 48 loti mmisiri wokonza mafoni amene adazolowera mpweya wotentha atha kuliwotcherera. Mabolodi ophunzirira a mtundu umenewu amagulidwa ndi madola makumi ochepa.

Ine ndinganene kuti yambani ndi zaulerezi, kenako mudzaphunzire Vivado kapena Quartus ntchito ikakufunsani. Ndipotu mutha kuyamba musanagule bolodi iliyonse. Icarus Verilog ndi GTKWave, mapulogalamu oyesera Verilog pa kompyuta, ndi zaulere. Mumalemba kauntala ya mizere khumi, mumaiyesa pa kompyuta, n'kuona pa sikirini mizere yobiriwira ikukwera ndi kutsika: wotchi pamwamba, pansi pake manambala akusintha pa mphepete iliyonse yokwera. Mukaona kuti nambala yasintha mochedwa ndi kugunda kumodzi kuposa mmene mumayembekezera, n'kumvetsa chifukwa chake, pamenepo mwayamba kuganiza ngati wopanga ma hardware.

Njira zinayi zopezera ndalama

Yoyamba ndi imene aliyense amailota: kupanga chipangizo chanu, kuchipatsa dzina, kuchigulitsa m'masitolo. Ndi njira yovuta kuposa zonse. Chilichonse chimene anthu ambiri amachifuna, inveta, chaja ya sola, mita, China idachipanga kale pa mtengo woti inu simungagule nawo ngakhale zipangizo zokha. Muwonjezere msonkho wa pa Alfândega, mtengo wotumiza mabolodi, ndi zotsala m'sitolo zosagulidwa. Njirayi imatheka pokhapokha chipangizocho chikuthetsa vuto lakuno loti wakunja sakulidziwa kapena sakuliona ngati msika, ndipo ngakhale pamenepo kawirikawiri mkati mwake mudzakhala microcontroller.

Yachiwiri ndiyo ndimaikhulupirira kwambiri: kudzutsa mabolodi akale. Makina a m'fakitale amakhala zaka 20 kapena 30, koma machip a m'kati mwake amasiya kupangidwa kale kwambiri zaka zimenezo zisanakwane. Tsegulani kabati ya makina akale muone. Bolodi yobiriwira yada ndi fumbi, m'mizere muli timachip ta banja la 74, pakona pali kachip kamodzi kokhala ndi pepala lomatidwa pamsana, zolemba zake zitafufutika. Pafupi pake makapasita awiri atupa pamwamba. Nthawi zambiri vuto limakhala makapasitawo kapena kolumikizira kochita dzimbiri, ndipo mukasintha zimenezo mwamaliza. Koma ngati chafa ndi kachip ka pepala kaja, ndipo wopanga wake adasiya kalekale, mwini makina amatsala ndi njira ziwiri zowawa: kusaka bolodi yakale kunja pa mtengo uliwonse, kapena kusintha dongosolo lonse loyendetsera makinawo.

Apa ndi pamene FPGA imaonetsa mphamvu yake. Mumatenga bolodi inzake yomwe ikugwirabe, mumalumikiza logic analyser, chida chojambula zizindikiro za magetsi, pa mapini, mumajambula chimene chikulowa ndi chimene chikutuluka pa zochitika zonse, kenako mumalemba khalidwe lomwelo mu Verilog n'kuliika pa kabolodi kolowa pamalo pomwepo. Muyenera kukumbukira kuti mabolodi akale ambiri amayendera 5 V pomwe ma FPGA amakono amalandira 3.3 V kapena kucheperapo, choncho pakati pake pafunika timachip tosintha voteji. Mu bizinesi imeneyi simukupikisana ndi mtengo wa ku Shenzhen ku China. Mukupikisana ndi ndalama zimene kampani ikutaya tsiku lililonse makina ataima, ndipo kukhala kwanu pafupi ndiye chuma chanu. Bolodi imodzi kapena zisanu zimakwana, simufunika fakitale.

Ndichenjeze mwamphamvu pa chinthu chimodzi. Musaike bolodi yanu pa chilichonse choteteza moyo wa munthu: batani loimitsa lamba mwadzidzidzi, mabuleki a chikepe, chitetezo cha thiransifoma, zizindikiro za njanji ya ku Nacala kapena ya ku Sena. Zimenezo zili ndi malamulo akeake, monga IEC 61508, ndipo zimafuna umboni umene kampani yaing'ono singaupereke. Yambani ndi zinthu zongoyeza ndi kuonetsa, zoti zikalephera palibe avulale. Muonenso ngati makinawo alibe mgwirizano wa wopanga woletsa kuwakhudza, ndipo musakopere pulogalamu ya mwini wake popanda chilolezo.

Yachitatu ndi kugulitsa luso lanu kwa makampani akutali muli konkuno. Verilog ndi fayilo ya malemba, imayenda pa intaneti popanda msonkho wa pachipata. Gawo lalikulu la ntchito yopanga machip ndi kuyesa ngati zimene ena alemba zikugwira bwino, ndipo zimenezo zimachitikira pa kompyuta. Chofunika ndi Chingerezi, chifukwa mabuku a machip pafupifupi onse ali m'chinenero chimenecho, magetsi odalirika, ndi ntchito zanu zoikidwa poyera monga pa GitHub kuti wokulembani aone. Achinyamata a m'malire, amene amadutsa pa Calómuè kupita ku Dedza kapena pa Zóbuè kupita ku Blantyre, ambiri ali ndi Chingerezi ndi Chipwitikizi pamodzi, ndipo ameneyo ndi mwayi woti asaupeputse. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti imadyetsa munthu mmodzi, koma makina a Tete amakhalabe akudikira bolodi ya kunja. Imatenganso zaka munthu asanakhulupiridwe.

Yachinayi ndi kuphunzitsa ndi kugulitsa mabolodi ophunzirira. Imathandiza kulipira lendi, koma payokha si msika. Tikangophunzitsana popanda wogula, ophunzira abwino adzapita ku Maputo ndi ku South Africa.

Kwa gulu la anthu awiri kapena atatu oyamba kumene, ine ndingasakanize motere: microcontroller ndi PLC zizibweretsa ndalama za tsiku ndi tsiku, kudzutsa mabolodi akale kukhale kumene luso la FPGA likukulira, ndipo ntchito zakutali zidzaze miyezi imene kuno kuli zii.

Nanga ofuna kuthandiza athandize bwanji?

Njira yofala ndi kugawa mabolodi ku sukulu ndi kuchititsa maphunziro a sabata imodzi. Si zoipa, koma bolodi yopanda funso loti iyankhe imathera m'kabati. Njira ina ndi mipikisano ya mphoto, yomwe imatulutsa zionetsero zokongola zoti palibe adzazigule. Yabwinoko ndi chipinda cha zida chogwiritsa ntchito anthu ambiri: oscilloscope yabwino, logic analyser, maikulosikopu, makina a mpweya wotentha, ndi intaneti yoti munthu atsitse Vivado kamodzi n'kugawira anzake. Zida zimenezi n'zodula kwa munthu mmodzi koma si zodula kwa sukulu ya ukachenjede, ndipo chipindacho chiyenera kutsegulidwanso kwa amisiri a pamsika, osati ophunzira okha.

Koma yoposa zonse ndi oda yeniyeni yochokera kwa wogula weniweni. Taonani ku South Africa. Telesikopu ya MeerKAT ku Karoo, ya mbale 64, yomwe idatsegulidwa mu 2018, idamangidwa modalira mabolodi a FPGA otchedwa SKARAB posanthula zizindikiro zake, ndipo adawapanga ndi a Peralex, kampani ya ku Cape Town. Luso limenelo lidakula chifukwa padali wogula wamkulu wokhala ndi vuto lenileni amene adalola kuti ntchitoyo igwiridwe kwawo komweko. Mozambique ndi limodzi mwa mayiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya telesikopu yaikulu ya SKA, choncho nkhaniyi si yachilendo kwa ife.

Tete alibe telesikopu, koma ali ndi HCB, kampani yoyendetsa damu la Cahora Bassa, ku Songo, ali ndi mgodi wa Moatize womwe Vulcan idautenga kwa Vale mu 2022, ali ndi fakitale ya fodya, ali ndi kampani ya magetsi ya EDM, ndipo damu la Mphanda Nkuwa la 1,500 MW lili m'mapulani. Pempho langa kwa akuluakulu a mabungwe otere ndi laling'ono. Sankhani ntchito imodzi yosaika moyo pachiswe, monga kuyeza kutentha ndi kunjenjemera kwa mapampu a madzi. Ipatseni gulu lakuno, ndi injiniya wanu mmodzi woliyang'anira, ndi malipiro a magawomagawo. Atsegulireninso nkhokwe ya mabolodi akufa amene mukadataya, chifukwa kwa wophunzira bolodi yakufa ndi buku. Ndalama zake ndi zochepa poyerekeza ndi za tsiku limodzi la makina oima.

Inu achinyamata, oda yotere ikabwera, pali zinthu zoti mukambirane zisanasainidwe. Mgwirizano unene poyera mwini wa Verilog ndani: wogula akufuna bitstream yokha, kapena malemba onse kuti ena adzathe kukonza inu kulibe? Mtengo wa ziwirizi si umodzi. Gulani machip osungira tsiku lomwelo, ndipo ngati muli angapo itanitsani katundu pamodzi kuti mtengo wotumiza ugawike. Sankhani machip a gulu la m'mafakitale: a AMD a gulu wamba amalonjezedwa kufika madigiri 85 m'kati mwa chip, a m'mafakitale kufika 100, ndipo mu Okutobala ndi Novembala mpweya wa mumzinda wa Tete wokha umapitirira 40 musanawerenge za bokosi lachitsulo lokhala padzuwa. Ma FPGA ambiri amaiwala kalumikizidwe kawo magetsi akathima n'kuwerenganso kuchokera ku kachip ka flash akayaka, ndiye yesani kuzimitsa ndi kuyatsa kambirimbiri pa benchi musanapite nayo kwa wogula. Ngati makinawo akufuna kudzuka nthawi yomweyo, onani MAX 10 kapena machip a Microchip okhala ndi flash m'kati. Ikani chitetezo cha mphezi pa waya aliyense wotuluka m'bokosi, ndipo pakani bolodi vanishi yake yoteteza, chifukwa fumbi la malasha likanyowa limadutsitsa magetsi.